Kamba m'Chiwaya cha Eni

Amuna anga ali ndi nthenda imodzi imene achipatala sanaipezere mankhwala. Amakhulupirira kuti Chiswahili ndi Chichewa chomwechi, bola munthu ungopinda lilime pang'ono. Zaka zonse takhala ku Nairobi kuno akhala akulankhula Chiswahili chawochawo ndi alonda, ogulitsa nthochi ndi makondakitala, ndipo poti anthu a kuno amakhala akuthamanga, palibe amene amaima kuti awakonze. Akapanda kumva zimene wina wanena, amangoti “ndiyo, ndiyo”, inde wa Chiswahili, uku akumwetulira ngati amva zonse. Kale ndinkaseka nawo, koma ndinaleka.

Tinabwera kuno chifukwa cha ntchito yawo ku bungwe lina lalikulu la maiko ambiri. Ine kwathu ndinali mphunzitsi wa kusekondale, koma pepala langa lokhalira muno silinkandilola kugwira ntchito. Iwo kukacha tayi pakhosi, ulendo. Ine kutsala ndekha mu fulati ya pa nsanjika yachitatu ku South C, kumvetsera tindege tikudutsa padenga. Ana anali ku sukulu zogonera konko ku Malawi. Miyezi yoyambirira ndinalankhula ndi makoma kuposa anthu.

Khomo loyang'anizana ndi lathu linali la mayi ena achimwenye, amasiye, okalamba ndithu koma olimba. Anabadwira ku Kisumu, ana awo onse anali kunja. Chingerezi ankangochilawa, koma Chiswahili chinkatuluka ngati madzi a pampopi. Tsiku lina ndikukazinga mtedza wa chalimbana umene ndinabwera nawo kuchokera ku Mchinji, ndinamva kugogoda. Ndinaganiza kuti abwera kudzadandaula za utsi. Koma iwo analoza mbale imene inali m'manja mwanga, n'kutola njere imodzi, kuitembenuza uku ndi uku.

“Njugu hii umetoa wapi?” anafunsa. Ankafuna kudziwa kumene ndinaupeza mtedza wa maso akuluakulu chonchi.

Mawa lake ndinali m'khitchini mwawo, ndipo kuyambira pamenepo ndinkakhalamo pafupifupi masiku onse. Iwo ndinkawatcha Mama, ine ankanditcha binti, kutanthauza mwana wamkazi. Chiswahili changa chonse ndinachiphunzira mmenemo, pamodzi ndi kakonzedwe ka chevuda, zokhwasula zija za mchere ndi tsabola zimene ku Limbe tinkangoziona m'mapaketi.

Mama sankagula papadi wa m'sitolo. Ankakanda okha ufa wa nyemba ndi tsabola wakuda, kuupapatiza mpaka kupyapyala ngati pepala, n'kuyanika pa nsalu yoyera pakhonde. Akauma tinkamuthyola tizidutswa. Mafuta akatentha, umaponya dzanja limodzi lokha, kuwerenga mpaka katatu, n'kuvuula. Ukangocheuka kuyankha foni, wapsereza. Kenako mtedza, pa moto wochepa, chifukwa mtedza umapitiriza kupsa ngakhale utauchotsa. Kenako korosho, mtedza wopindika uja amati cashew pa Chingerezi. Pomaliza njere za mpiru zimathetheka m'mafuta pamodzi ndi masamba onunkhira ndi tsabola wobiriwira, n'kuthirapo chikasu, mchere ndi kashuga ka pa nsonga ya supuni. Zonse umazisakaniza mofatsa zikadali zofunda kuti papadi asasanduke ufa. Ndinapsereza kambiri. Mama ankangondimenya kadzanja ndi chipande, n'kuti tiyambirenso.

Khitchini imeneyi inali ndi malamulo ake. Nsapato pakhomo, manja kusamba kaye. Nyama, nsomba ngakhale dzira sizinalowemo chimangireni nyumbayo. Kwa iwo sinali nkhani ya thanzi, chinali chipembedzo. Chilichonse chophikidwa mu poto wa kwathu sankachilawa, ndipo ine sindinakhumudwepo nazo, poti ndinkadziwa zimene mapoto anga adaona.

Ndiye panali chiwaya chawo. Iwo ankati karai. Chinali chachitsulo, chakuya, cha makutu awiri, chakuda bii, cholemera moti pochinyamula umayamba wapuma. Mayi awo owabereka anabwera nacho pa sitima ya pamadzi ali mtsikana wongokwatiwa kumene. Sopo sichinamuonepo, ankangochipukuta ndi mchere ndi kansalu. Papadi wokazingira mmenemo ankatuluka wofufuma bwino mbali zonse, pamene m'kachiwaya kanga kopyapyala ankapsa m'mphepete pakati akadali wamuwisi.

Chaka chachiwiri mng'ono wanga anali ndi ukwati ku Lilongwe. Ndinaganiza zokonza chevuda wambiri, wina wodya panjira, wina wa ana anga kusukulu, wina wa abale. Sabata imeneyo msana wa Mama unali utavuta, sakanatha kuima nane. Ndipo anachita chinthu chimene sanachitepo ngakhale kwa mpongozi wawo.

“Chukua karai,” anatero. Tenga chiwayachi. “Malamulo anga ukuwadziwa.”

Ndinagula mafuta atsopano, chipande chatsopano, beseni latsopano. Chitofu ndinachikwecha ngati kukubwera alendo a kuchimuna. Lachisanu lonse ndinakazinga, ndipo zinatuluka bwino kuposa kale lonse. Madzulo nditakagogoda kuti ndibweze, ndinapeza pali loko, mdzukulu wa mlongo wawo anali atawatengera kuchipatala. Ndege yanga inali ya m'mamawa. Ndinapukuta chiwaya ndi mchere monga ankachitira eni ake, n'kudzaza botolo lalikulu ndi chevuda wabwino koposa, ndipo zonse ziwiri ndinaziika patebulo.

“Bambo, izi mukapereke kwa Mama mawa,” ndinatero. “Zonse ziwiri. Mukangoti asante, basi. Musawonjezere.”

“Kodi ine ndi mwana?” anayankha choncho.

Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ine mwambiwu ndinkauphunzitsa ana a eni m'kalasi, koma tsiku limenelo ndinauiwala.

Ndinabwerako patatha masabata atatu, nditanyamula kathumba ka chalimbana watsopano. Ndisanamasule n'komwe masutikesi ndinathamangira kukagogoda. Mama anatsegula chitseko chamatabwa, koma chachitsulo chakunja chinakhalabe chokhoma. Anandiyang'ana kupyola m'zitsulomo ngati munthu wogulitsa inshuwalansi. Ndinawaonetsa mtedza.

“Sihitaji,” anatero. Sakuufuna. Anawonjezera kuti atopa, n'kutseka.

Ndinabwerera m'nyumba. Ndinafunsa amuna anga ngati anakapereka chiwaya chija. Anati anapereka Loweruka lomwelo, ndipo zonse zinali bwino. “Anthu okalamba amatero,” anatero maso ali pa foni. “Mawa asintha.”

Sanasinthe. Masabata awiri ndinadzifufuza ngati munthu wotaya ndalama ya chigayo. Kodi ndinachikala chiwayacho? Kodi mchere unachepa mu chevuda uja mpaka kuwachititsa manyazi? Kodi ndinalakwa kupita osatsanzika maso ndi maso? Ndikamva chitseko chawo chikutseguka ndinkathamangira pakhomo, iwo n'kubwerera m'kati. Fungo la mpiru wothetheka linkalowa kwathu kudzera pansi pa chitseko, ine ndili pampando, misozi ili chuchuchu, mayi wamkulu wa ana atatu. Amuna anga ankaona zonsezi. Ankandipeza maso ali ofiira, n'kufunsa ngati tiyi wapsa.

Lamulungu lina tinapita ku Utawala, kunyumba kwa banja lina la ku Malawi komwe timakumana tikaweruka kumapemphero. Azibambo anali panja kuwotcha nyama, ife amayi pakhonde tikudula kabichi. Ndinamva mawu a amuna anga akukwera, monga amachitira akapeza anthu owamvetsera.

“Ndiye ndikumuuza mayi wachimwenyeyo kuti asante sana, bibi yangu amepika kamba nyingi sana! Kamba wa pa ulendo, mukudziwa. Mayiyo maso tong'o. Akuti, kamba? Ndani ya karai yangu? Wa baharini? Ine ndiyo, ndiyo, tamu sana! Monday ku office ndikufotokozera driver wathu, mnyamatayo kuseka mpaka kugwira m'mimba. Akuti bwana, kamba kuno ndi ma prawns!”

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Wina mpaka anatsamwa ndi nyama.

Mpeni unali m'manja mwanga, ndipo ndinauika pansi mwadala. Kwathu kamba ndi chakudya chonyamula pa ulendo, mwana aliyense amadziwa. Ine mpaka tsiku limenelo sindinkadziwa kuti pa Chiswahili kamba ndi tizilombo tija ta m'nyanja yamchere, tonga nkhanu, timene amadya anthu a ku Mombasa. Ndikanadziwira kuti? Mawu amenewo m'khitchini mwa Mama sakanatchulidwa. Choncho munthu amene sanakhudzepo dzira moyo wake wonse anauzidwa pakhomo pake, ndi bambo womwetulira, kuti ine ndakazinga tizilombo m'chiwaya cha mayi ake. Atafunsa kachiwiri kuti atsimikize, anayankhidwa kuti inde, ndipo tinali tokoma kwambiri.

Ndinatsika pakhonde paja n'kukaima pakati pa azibambo.

“Nanga botolo lija?” ndinafunsa. “Akanatsegula botolo akanaona okha zimene ndinakazinga.”

Amuna anga anakanda kumutu, akumwetulirabe. “Aa, Loweruka limenelo kunali mpira. Anyamata anabwera kunyumba.”

Anthu anasekanso, koma pang'ono.

“Ndiye munadziwa Lolemba,” ndinatero. “Lolemba loyamba lomwelo. Masabata asanu apitawo.”

Mayi a pakhomopo anandigwira mkono, akuti za m'nyumba zimakathera m'nyumba. Bambo wina, mkulu wa mpingo ndithu, anati amwenye nawonso amakokomeza, si chiwaya chabe? Ndinamuyang'ana bamboyo mpaka anayamba kutembenuza nyama imene inali itapsa kale. Munthu yemweyu akanamva kuti wina wamwera mowa m'chikho cha mgonero, bwenzi ataitanitsa msonkhano wa madikoni. Koma za eni ndi chiwaya chabe.

M'galimoto, pa msewu wa Mombasa, ndinalankhula zonse zimene ndinasunga zaka ziwiri. Kulakwitsa mawu sindinawaimbire mlandu, lilime limaterereka kwa aliyense. Ngakhale za botolo ndikanakhululuka, umbombo wawo ndinaudziwa tisanakwatirane. Chimene chinandiwotcha mtima n'chakuti anadziwa, khomo lili masitepe anayi kuchokera pa lathu, osakagogoda. Anaona kuti nkhaniyi ndi yokoma kuisunga kuti adzaseketse anzawo ku Utawala kusiyana n'kukaikonza. Anandiona ndikulira, yankho lili m'kamwa mwawo, n'kumafunsa za tiyi.

“Ndimaona ngati it's not a big deal,” anatero. “Komanso ndikanakayamba bwanji? Chabwino, ndikagula china. Cha non-stick, chabwino kuposa chakale chija.”

Ndinawauza kuti akanenanso za kugula nditsika pomwepo, ndikwere matatu, minibasi ya kuno. Iwo ali ndi ofesi, ali ndi anzawo a mpira, ali ndi anthu owasekerera Lamulungu lililonse. Ine mu mzinda wonse uno ndinali ndi munthu mmodzi.

Lolemba m'mawa ndinabisa makiyi a galimoto m'thumba la diresi langa. Ndinati kuntchito apita tikachoka pakhomo pa Mama. Anaima kumbuyo kwanga, tayi ali pakhosi, chikwama m'manja. Ndinagogoda katatu. Chitseko chamatabwa chitatseguka ndinayamba kulankhula msangamsanga asanatseke, ndi Chiswahili chomwe anandiphunzitsa iwo eni. Ndinati kwathu kamba ndi chakudya cha pa ulendo, mtedza, chimanga chokazinga, chilichonse chimene munthu wamanga pa kansalu. Ndinati m'chiwaya mwawo munalowa papadi, mtedza, korosho ndi mafuta atsopano, basi. Ndinati ndinawasiyira botolo lodzaza, ndipo amene analidya ndi awa aima apawa.



“Hakuna samaki?” anafunsa Mama. Munalibe nsomba?

“Hakuna, Mama. Ngakhale fungo lake.”

Anandiyang'ana m'maso, ndipo ndinaona kuti akhulupirira. Anatsegula chitseko chachitsulo chija. Mtima wanga unayamba kutsika, ndinaganiza kuti zatha. Koma iwo sanandikumbatire, sanandimenyenso kadzanja. Anakhala pa kampando ka pakhomo pamene tinkavulira nsapato, manja ali pa maondo.

Ndinati tiyeni tikazinge lero lomwe, mtedza uja ukadalipo, ine ndinyamula chiwaya poti msana wawo sunachire.

“Karai haipo,” anatero. Chiwaya kulibe.

Anafotokoza pang'onopang'ono, kuti ndimve liwu lililonse. Sakanatha kuchilowetsanso m'nyumba. Anachipereka kwa anthu aja oyenda ndi ngolo m'misewu, osinthanitsa zitsulo zakale ndi mabeseni apulasitiki. Beseni lawo analikana. Kumene chinapita sakudziwa, mwina chinasungunulidwa kale ku Industrial Area.

“Koma sindinachipereke tsiku lomwelo, binti,” anatero. “Ndinachiika panja pano, pambali pa khomo, mpaka Lachisanu. Ndinkati mwina makutu anga akalamba. Mwina wina agogoda, adzanene kuti ndinamva molakwa.”

Sanawayang'ane n'komwe amuna anga. Analoza ndi chibwano pansi pa simenti, pakati pa khomo lawo ndi lathu.

“Bwana wako ankachilambalala m'mawa uliwonse. Lachitatu anachikankha ndi phazi kuti adutse bwino.”

Amuna anga sanakane.