Tsiku Limene Ndinadutsa Pamaliro Ndili Panjinga

Ndine ndinayambitsa zonsezi, ndipo amene akudikira kuti ndipepese akhale pansi, atopa. Mpikisano ndinauputa ndine, masamba aja ndinayala ndine, ndipo njinga yoyamba kufika pamjigo inali ya abambo anga, ine ndili pachishalo.

Inali nthawi ija matipate atangolowa, aliyense atamasuka pakamwa. Akuluakulu ankakangana za zipani pamsika wa ku Lobi, ife a Fomu 2 tinkakangana za njinga. Pa holide ya m'nyengo yachisanu, mnzanga wa m'kalasi, mwana wa mwini sitolo ya nsalu ku Dedza boma, anabwera kudzacheza kwa azakhali ake kwathu kuno. Anabwera ndi njinga ya magiya, yofiira, ya matayala a mano. Kwathu inali yoyamba kuiona. Mnyamatayo sanali woipa ayi, ankandipatsa sopo kusukulu wanga akatha. Vuto lake linali pakamwa. Anandipeza pamjigo ndikutsitsa thumba la mbatatesi pa kaliyala, atsikana ali pamzere ndi zidebe zawo.

"Aise," anatero, "chimenechi ndi njinga, kapena ndi ngolo yothawidwa ndi ng'ombe?"

Atsikana anaseka mpaka wina anataya madzi.

"Ngolo yomweyi ikusiya," ndinayankha. "Loweruka la sabata yamawa. Kuyambira pa sukulu ya pulayimale, kuzungulira phiri, kudzathera pano. Wotsalira ametedwe mpala pamsika, anthu akuona."

"Mpala? Ndi chisanu chino?"

"Waopa?"

"Nola lezala, amwene."

Tsitsi langa ndinali nditalisunga teremu yonse, ndikulibisa kwa aphunzitsi polipondereza ndi madzi m'mawa uliwonse. Sindikanalola kuti ligwe pamsika.

Ndinayamba kukonzekera tsiku lomwelo, ndipo inu amene mukufuna kudzathamanga pamsewu wafumbi tcherani khutu, chifukwa zimene ndinena ndinaziphunzira ndi khungu la m'zigongono. Poyamba ndinapopa matayala mpaka kulimba gwa, poganiza kuti kulimba ndiye liwiro. Nditafika pa miyala ya kumtsetse, njinga inayamba kudumpha ngati chiwala, nkunditaya m'munda wa nyemba wa eni ake. Tayala la pamiyala limafuna kuphwetsako pang'ono, loti ukalitsina ndi chala lizivomera. Likatero limagwira pansi. Koma osapyoza, chifukwa mwala ukaluma chubu uyenda wapansi.

Chachiwiri chimene ndinagwa nacho ndi buleki yakutsogolo. Potsetsereka pamiyala yosakhazikika, imeneyo ndi mdani. Ukaigwira mwamphamvu tayala limapita kwake, iwe kwako. Umagwira yakumbuyo, pang'onopang'ono, usanafike pokhota, thako utalibweza kumbuyo kwa chishalo. Handulo nayo usaikakamire ngati akukulanda. Pamene msewu wachita tizitunda ngati malata, manja akhale omasuka, mawondo opinda, njinga izivina yokha pansi pako. Ndipo usayende pakati pomwe malole aunjika miyala. Yang'ana kanjira ka m'mphepete kamene anakapondaponda amayi opita kuchigayo, kolimba ngati pakhonde pozira.

Tcheni ndinaithira oilo wakuda amene ndinapempha kuchigayo komweko. Madigadi ndinamasula. Kaliyala ndinaisiya kaye, chifukwa m'mawa uliwonse ndinkamangapo thumba la mbatatesi nkukwera nalo chitunda cha kuseri kwa phiri, nkhungu ili tolo, zala zitauma. Abambo ankangoti mwana wawo wasintha, wayamba kukonda ntchito. Ndinkawasiya atero.

Lachinayi ndinabisala m'mitengo ya paini kuti ndione mnzanga akuyeserera. Chitunda chimene ine ndinkakwera choimirira, lilime lili panja, iye anakwera atakhala, akuliza kakhwekhwe ka magiya, akuimba mluzu. Ndinagwira tsitsi langa. Pamenepo ndinadziwa kuti miyendo yachita mbali yake, tsopano mutu uchite yake.

Mukudziwa inu kuti masamba akayalidwa modutsa msewu ndiye kuti pamudzi pagwa zovuta. Galimoto imayenda pang'onopang'ono, wachipewa amavula, wanjinga amatsika nkuikankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Palibe amafunsa. Ndiye Loweruka m'mawa, popita kusukulu ya pulayimale kuja, ndinadzera msewu wa mpikisano. Patsidya pa chitunda, pamene msewu umaongoka kulunjika kumjigo, ndinathyola nthambi zaziwisi nkuyala mzere. Ndinayenda kamtunda ndithu nkuyalanso wachiwiri. Ndinautalikitsa dala.

Chimene sindinayang'ane ndi nyumba imene inali pakati pa mizere iwiriyo. Inali ya agogo ena aamuna amene anagwirapo ntchito kumigodi ku Joni, ndipo chisanu chonsecho ankatsokomola moti mudzi unali utayamba kale kunong'onezana.

Tinanyamuka tilipo angapo, chifukwa anyamata ena analowamo ndi njinga za makolo awo. Ine kaliyala nditachotsa, buluku nditamanga ndi luzi, m'mimba muli mbatata yophika ndi madzi, osati zambiri. Poyambira aliyense anaphulika ngati wathamangitsidwa ndi njuchi. Ine ndinawaleka. Wina tcheni inagwa asanafike kudambo. Wina anagwira buleki yakutsogolo pamtsetse uja, ndipo ndinamudutsa ali m'munda wa nyemba womwe uja, pamalo anga enieni. Pofika pachitunda tinatsala awiri. Popanda thumba la mbatatesi njinga inkapepuka ngati ya mwana, komabe yofiira ija inkangotalikira. Ndinaimirira pa mapedulo, m'chifuwa mukuyaka, maso ali pa tayala lake lakumbuyo. Ndinkangodziuza kuti asazimirike, asazimirike basi.

Nditatulukira pamwamba ndinamva kulira.

Kulira kwenikweni, kwa amayi. Opita kumjigo anali ataona masamba, nkuona nyumba, nkuwerengera okha. Zidebe zinali zitatayidwa m'mbali mwa msewu, amayi atakhala pabwalo la agogo aja nsalu zili kumutu, ena akutsika m'njira za m'minda manja ali kunkhongo. Ine ndinangoyala masamba, koma mudzi unabweretsa maliro onse.

Mnzanga anachita zimene anamuphunzitsa kwawo. Anatsika, anavula kachisoti kake, nkuyamba kukankha njinga mutu uli pansi. Anandicheukira nkundikodola kuti nditsike.

"Aise, zovuta!" ananong'ona.

"Pepani nazo," ndinatero, nkuponda pedulo.

Ndinadutsa pakati pa anthuwo fumbi lili koboo. Kulira kunadukiza. Mayi wina anakuwa kuti, "Mwana wa ndani ameneyo?" Ndipo nthawi yomweyo, kuchokera m'kanjira ka kudimba, anatulukira agogo aja, mwini maliro, khasu lili paphewa, mpiru uli m'manja. Tinayang'anana maso ndi maso. Kumbuyo kwanga kunabuka phokoso lina, losiyana ndi loyamba lija, koma sindinacheuke. Wampikisano sacheuka. Ndinafika pamjigo ndekha, ndinaliza belu, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wondiombera m'manja. Onse anali kumaliro.

Kundigwira sikunavute. Pamudzi ponse munthu mmodzi yekha ndiye sanatsike panjinga, ndiye ankadziwa kuti kulibe maliro ndani? Madzulo ake amalume anandigwira padzanja, linalo likukankha njinga, mpaka pabwalo la agogo aja. Anthu anali asanabalalike, ena akuseka, ena atakwiya zenizeni. Mnzanga analiponso, atatsamira njinga yake.

"Gwada," anatero amalume. "Agogo, mwana uyu ndi wathu. Nenani inu."

Agogo anatsokomola kaye nthawi yaitali, anthu nkukonzeka ngati ayambiranso kulira.

"Zondipha ndilibe nazo mawu," anatero. "Ndaona lero amene adzandilire ndi amene adzabwerere ndiwo. Mayi awo apo analira bwino, zikomo. Koma iwe, mdzukulu wanga, maliro anga ndi odutsa uli pachishalo? Ine ndatsika panjinga maliro a anthu osawadziwa kuyambira uli m'mimba!"

"Agogo, ndinali pa mpikisano."

"Wapambana?"

"Eya, agogo."

"Ndi chiphapha cha abambo ako chija?"

"Chomwecho."

Anayang'ana njinga yofiira ija, nkugwedeza mutu. Ndikulumbira kuti pakamwa pawo panagwedera ngati afuna kuseka.

"Chabwino. Maliro alengezedwa, aliridwa. Chatsala nchiyani, anthuni?"

"Kumeta!" anayankha mayi wina, bwalo lonse nkuphulika.

"Basi. Mwini maliro ndi amene anayala masamba. Ameteni."

Ndinayesa kunena kuti malinga ndi pangano woyenera kumetedwa ndi wotsalira, koma amalume anandiponda chala. Lezala imene ndinanola ndekha, ili m'thumba la malaya kudikira mutu wa mnzanga, ndi yomweyo anatulutsa. Anandikhazika pa mtondo wogoneka. Mnzanga anapempha kuti agwire kalilole, ndipo anagwira mokhulupirika, akundisuntha kuti ndione mbali zonse.

"Ngolo yathamanga, aise," anatero. "Koma ng'ombe yake yasupuka."

Tsitsi la teremu yonse linagwa pabwalo, nkhuku nkumalitola. Mphepo ya ku Dedza inandipeza pamutu nthawi yomweyo, ngati wina wandithira madzi a m'mtsuko. Agogo anabwera, anasisita mpalawo ndi chikhato chawo chokhakhala, nati maliro atha, aliyense azipita.

Pobwerera ndinapalasa ndithu, amalume akukuwa kumbuyo kuti nditsike. Ndipo ndinapeza chinthu chimene palibe anandiuzapo, choti muwonjezere pa malangizo aja: mutu wampala sukoka mphepo. Pamtsetse uja njinga inathamanga kuposa m'mawa.