Amuna Anga Ouma Thupi

Pa ukwati wathu amuna anga sanavine. Ndiyambire pamenepo, chifukwa anthu akamva nkhaniyi amafa nazo n'kuseka, amvekere mayi uyu ali ndi nsanje yopanda mutu. Nsanje ndili nayo, sindikana, koma mutu wake ulipo.

Munali mu holo ina ku Lilongwe, kunja dzuwa likuswa mtengo. Itakwana nthawi ya perekaniperekani, woyendetsa mwambo anaitana akwati kuti atsegule bwalo. Ine mwana wa ku Ntcheu, chiuno changa sichidikira kuitanidwa kawiri. Ndinadzambatuka ndi velo yanga, azakhali akuimba nthungululu. Ndikati ndicheuke, mwamuna ali njo ngati pholo la magetsi, maso kudenga. Ndinawakoka jekete. Anangowerama pang'ono n'kundinong'oneza kuti, "Mayi, ine ndine wouma thupi. Vinani inuyo, ine ndizikuonererani." Tsiku la ukwati wanga ndinavina ndi achimwene anga, holo yonse ikuona.

Ndinavomereza. Anali mwana wa abusa, woleredwa m'nyumba imene ngakhale kuimba mluzu kunali kuitana chikwapu. Samwa, samenya, sayenda m'mbali. Ndinadziuza ndekha kuti kuvina sikudyedwa.

Ku Ulaya kuno ndinatsogola ndine, nditapeza ntchito ya unamwino pa chipatala cha ku Bordesley Green mu Birmingham. Iwo anabwera pambuyo ndi mwana wathu wamkazi. Kumudzi anali aphunzitsi a ku sekondale, koma kuno anakalowa ntchito yosamalira okalamba pa care home ina cha ku Solihull. Amalawi tikakumana, kaya ndi chinkhoswe mu Birmingham muno, kaya ukwati ku Stoke, udindo wa amuna anga unali wodziwika: kukhala pakona n'kumalondera zikwama ndi makhoti a amayi amene apita kukavina. Anzanga ankati ndili ndi mwayi, ndinakwatiwa ndi mlonda wokhulupirika.

Ndiye Lamlungu lina masana titaweruka ku tchalitchi, ndikutsuka mbale, ndinamva phokoso lachilendo pabalaza, ngati matalala pa malata. Ndikasuzumire, abambo ali pampando, taye sanavule, akuonera filimu yakalekale yopanda mitundu, yakuda ndi yoyera basi. Mzungu wina woonda, chipewa chachitali kumutu, jekete ya mchira, ndodo m'manja, akutsika masitepe onyezimira uku nsapato zake zachitsulo kunsi zikulira. Pansi pa masitepewo mkazi wa diresi la nthenga akumudikira. Anayamba kukangana awiriwo, mkazi wakwiya zenizeni. Mkangano uli mkati, mwamuna uja anangoyamba kuimba. Mkazi m'malo momuwomba mbama, nayenso anapolokeza nyimbo, n'kupereka dzanja.

Ndinaseka. "Bambo, zimenezi ndi ziti? Anthu akukangana bwinobwino, basi ayamba kuimba?"

"Shh, mayi, taonani mapaziwo," anatero osandiyang'ana n'komwe.

Ndinaona mapazi, koma osati a mzunguyo. Pansi pa tebulo, phazi la amuna anga linali likugunda kapeti, chidendene, chala, chidendene, mogwirizana ndendende ndi nyimbo. Wouma thupi uja!

Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse masana linali la mafilimu amenewa. Anapeza tchanelo chimene chimaonetsa zakale zokhazokha. Anayamba kuimba mluzu m'bafa. Nsapato zawo za ku tchalitchi zinayamba kutha kunsonga. Kenako ndikuchapa ndinanunkhiza yunifomu yawo, paphewa pakumveka paudala wa maluwa, wachikazi. Sindinafunse. Mkazi wanzeru safunsa asanaone, amayamba wasonkhanitsa nkhuni.

Amene anandipatsa nkhuni yoyamba ndi mwana wanga. Ndinamufunsa m'Chichewa ngati bambo ake amachedwa kubwera ine ndikakhala pa shifiti. Anayankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, maso ali pa foni: "No, Mum. He just dances in the kitchen when you're at work." Akuti amakankhira mipando kukhoma, n'kumazungulira atakweza mkono ngati agwira munthu. M'khitchini mwanga! Mmene ine ndimaimamo tsiku ndi tsiku ndi chiuno changa chonse, munthu osachiona.

Nkhuni yachiwiri inachokera kwa mayi wina wa ku Zambia amene timapemphera naye, yemwenso amagwira pa care home yomweyo. Anandigwira mkono panja pa tchalitchi. "Amai, muzabwela ku party pa Saturday? Amuna anu ndiye ba star bathu kuja!" Ndinamwetulira mano okhaokha n'kunena kuti ndibwera ndithu. Kunyumba za phwandolo sanandiuzeko kanthu.

Loweruka limenelo ndinasinthana shifiti ndi mnzanga. Ndinavala diresi langa lofiira, lija limanena lokha kuti mwini munda wafika. M'basi monse ndinkamuumba m'maganizo mkazi ameneyo: kamtsikana kogwira nawo ntchito, ka tsitsi logula lofika m'chiuno, ka zikhadabo zopaka. Mawu omuuza ndinali nditawanola kale, a Chichewa ndi a Chingerezi omwe.

Nditafika pa care home paja, ndinapeza aika mipando mozungulira m'chipinda chachikulu chochezera. Okalamba ali m'mipando yawo, abale awo ataima m'mbali ndi timakapu ta tiyi. Ndinabisala kumbuyo kwa bambo wina wonenepa. Nyimbo ya malipenga, ya mufilimu muja, inayamba. Chitseko chinatseguka, n'kulowa amuna anga, chipewa chachitali cha katoni kumutu, ambulera m'manja m'malo mwa ndodo. Anadutsa atsikana onse amene ndinkawakayikira, n'kukaima pamaso pa kagogo kena kachizungu, kakang'ono ngati mwana wa sitandade faifi, tsitsi lili mbuu, milomo atakapaka psuu. Anavula chipewa, anawerama, n'kupereka dzanja.

Gogo uja ananyamuka, munthu amene pafupi pake panali chitsulo choyendera. Anaika dzanja paphewa la amuna anga, pamalo pomwe paja pa paudala. Ndipo anavina. Abale anga, anavina! Osati kudzandira kongomuthandiza wodwala ayi. Amuna anga ankayenda myaa, msana uli chilili, akumutembenuza gogoyo pang'onopang'ono ngati dzira. Pena ankamusiya atagwira mpando, iwo n'kugunda mapazi pansi, ta-ta-ta-ta, n'kubwerera kudzamutenga. Nkhope yawo ndi imene inandimaliza. Ankaseka ndi maso omwe, kuseka kumene ine ndinakuonapo tsiku lobadwa mwana wathu lokha. Gogoyo ankawayang'ana m'maso osaphethira.

Anthu anawomba m'manja, ena akupukuta misozi. Ine manja anakana. Mawu onse ndinanola aja anasowa pogwera. Ukamuuza chiyani munthu wopanda mano amene sakudziwa ngakhale kuti lero ndi lachingati?

Phwando litatha abambo anandiona, tinakwera limodzi galimoto yawo n'kudutsa maloboti angapo. Kenako ndinaphulika.

"Ouma thupi aja ndinu?"

"Mayi, ndi ntchito."

"Ntchito? Inenso ndimagwira ntchito ya odwala, bambo. Nkhope ya pa ntchito ndimaidziwa. Ntchito simwetulira choncho!"

Anafotokoza modekha, zimene zinandipsetsanso mtima kwambiri. Akuti gogoyo ali mtsikana ankagwira ntchito m'nyumba ya kanema mu Birmingham momwe muno, kuunikira anthu ndi tochi kuti apeze mipando yawo. Filimu iliyonse ankaionera mobwerezabwereza ataima kumbuyo mumdima, mpaka nyimbo ndi masitepe onse kulowa m'mutu. Tsopano matenda oiwala anamulanda zonse, ana ake omwe sawazindikira, koma mafilimuwo anatsala. Ankakana kudya, kukana kusamba. Tsiku lina filimu ikuonetsedwa, anatambasula dzanja kwa amuna anga n'kuwaitana ndi dzina la katswiri wa mufilimumo. Iwo poopa kuti agwa anamugwira, basi mapazi n'kuyamba okha. Madzulo ake gogoyo anadya mbale yonse.

"Ndiye akakuonani amaona mzungu uja? Inuyo, wakuda ngati ine ndemwe, ndi mphuno ya kwanuyo?"

"Amaona chipewa, mayi."

Anaganiza kuti ndiseka. Sindinaseke.

Akanakhala mtsikana bwenzi zili zophweka. Ndikanaimbira ankhoswe kumudzi, ndikanakagwada kwa abusa, nkhani ikanakambidwa. Koma uyu anali khoswe wa pamkhate, wosapheka. Ukawaletsa abambo kuvina, ndiye kuti gogo asiya kudya, ndipo iwe namwino ndi amene wamupha. Ndinayesa kudandaulira mnzanga wina wa ku chipatala, wa ku Zomba. Anaseka mpaka kukhala pansi m'chipinda chosinthira zovala. "Iwe, ukulimbirana mwamuna ndi munthu wovala thewera?" Ndinamuuza kuti thewera kapena ayi, iyeyo walandira chimene ine ndinapempha ndili mu velo n'kumanidwa.

Ndinayamba kuonera mafilimuwo ndekha ndikakhala pa ofu, kuti ndimudziwe mdani wanga. Ndinkakhala ndwii, manja ndapinda, ndikuwatukwana. Akazi a madiresi a nthengawo sasenza kanthu, saphika, sadzuka mumdima kukadikira basi mu chisanu. Nkhani zake n'zopusa: uyu akuyesa uyo ndi wolemera pamene ndi woperekera zakudya mu hotela, uyo akuyesa uyu ndi mkazi wa mwini, akuthamangitsana m'makonde, pamapeto ukwati. Koma chinthu chimodzi ndinachiona, ndipo chinandiwawa. Mwamuna wa mufilimu akagwira mkazi m'chiuno, amamuyang'ana ngati dziko lonse latha, kwatsala iye yekha. Sachita manyazi. Gulu lonse likuona, iye alibe nazo ntchito. Ndinapezeka kuti phazi langa nalonso likugunda kapeti, ndipo ndinalipsera mtima.

Amuna anga akamapita ku ntchito ndinkawaponyera mawu. "Mupereke moni kwa akazi anu aang'ono." Iwo ankangotola chikwama chawo n'kutuluka. Tsiku lina ndinabisa polishi ya nsapato. Anapukuta ndi mafuta odzola.

Gogoyo anamwalira nyengo yozizira ili pakati. Abambo anabwera madzulo atanyamula chipewa cha katoni chija, n'kuchiika pamwamba pa kabati. Mluzu unatha m'bafa. Ndinawapepesa monga mwa mwambo, ndinawaphikira tiyi. Koma Mulungu andikhululukire, pansi pa mtima kanthu kena kankati bwalo latsala langa.

Ndinadikira kuti maliro azizire. Lamlungu lina masana, mwana atapita kwa anzake, ndinayatsa tchanelo chija. Malipenga anayamba. Ndinakankhira tebulo kukhoma, ndinatsitsa chipewa pa kabati n'kuwaveka, ndipo ndinaima patsogolo pawo nditatambasula dzanja. Ndinali nditavala diresi lofiira lomwe lija.

Anayang'ana dzanja langa nthawi yaitali. Anavula chipewa n'kuchiika pamwendo.

"Sindingathe, mayi."

"Simungathe? Ndi maso angawa ndinakuonani! Kodi ine ndili ndi chiyani, minga? Ndidikire kuti mano agweruke, ndiiwale dzina langa, ndiye mudzandigwire m'chiuno?"

"Si choncho."

"Nanga ndi chiyani? Nenani lero, ndatopa!"

Anayankhula motsitsa, akusisita mlomo wa chipewacho. "Gogo uja sankandidziwa. Akandiyang'ana ankaona munthu wina, ndiye inenso ndinkakhala munthu winayo. Inu mumandidziwa. Mukandiyang'ana mumaona mwana wa abusa amene anakuchititsani manyazi mu holo muja. Maso anu akangofika pa ine, miyendo imauma."

Ndinkayesa kuti za mu holo zija ndimazikumbukira ndekha. Pa kanema mzungu uja anali akukwera masitepe ake, nsapato zikulira.

"Nanga ndikatsinzina?" ndinafunsa.

Anaika chipewa pambali. Kenako anati, "Tayesani."

Ndinatsinzina. Ndinamva mpando ukulira, kenako dzanja lofunda m'chiuno mwanga, lina likutenga zala zanga. Tinasuntha pang'ono, ndinawaponda. "Musatsogolere, mayi, ingonditsatani," anatero. Ine wa ku Ntcheu, kuuzidwa kavinidwe ndi mlonda wa zikwama! Ndinameza mawu n'kutsata. Pang'onopang'ono mapazi athu anayamba kugwirizana. Ananditembenuza, diresi linauluka, ndinamva mpweya wawo pafupi ndi khutu akuimba motsitsa. Pakati pa nyimbo mtima unandinyenga, ndinatsegula diso limodzi pang'ono chabe. Anaima pomwepo ngati galimoto yatha mafuta. Ndinatsinzinanso msanga, ndipo patapita kanthawi tinapitiriza.

Timavina ndithu masiku ano, Lamlungu masana mwana akachoka, makatani titatseka. Ku maukwati akadali mlonda wa zikwama. Anzanga ndikawauza amati ndiye ukudandaulanso chiyani, si wapeza chimene unkafuna? Sadziwa. Mapazi awo ndimawamva, dzanja lawo ndimalimva, ndipo ndimadziwa kuti pamwamba pa mutu wangapo pali nkhope ija, yoseka ndi maso omwe. Ine mkazi wa ukwati woyera ndimavina mumdima. Gogo uja ankaiona nkhopeyo maso ali gwa, ndipo anapita nayo kumanda.