Pakamwa pa a Gerishon Pamanda

Kwathu kuno kumtunda kwa Nsambe kunali anthu oopa imfa, ndiye kunalinso oopa a Gerishon. Oopa a Gerishonwo ndiwo anali ochuluka, chifukwa imfa imangokutenga basi, pamene a Gerishon ankatsala n'kumakufotokoza.

Anali mkulu wa mpingo, munthu wamfupi, wa jekete imodzi yakuda imene anabwera nayo kuchokera ku Joni asanakwatire. Kulima ankalima monga tonsefe, tirigu pang'ono ndi kachewere, koma ntchito ya pamtima pawo inali kunena mbiri ya malemu pamanda. Abusa ankakhala kutali ndipo ankafika mwa apo ndi apo, choncho maliro onse a mumpingo mwathu ankathera pakamwa pa a Gerishon.

Bodza sankanena, pamenepo ndiwachitire umboni. Luso lawo linali posankha mawu. Mnzawo akamwalira, tinkamva kuti "watsogola." Wongodziwana naye "watisiya." Koma amene anawapondapo chala "wafa," ngati mbuzi. Woumira amene ankamukonda anali "wosamala zinthu," woumira amene ankadana naye anali "wouma manja." Mayi wolongolola wowapatsa thobwa anali "wosabisa mawu," mnzake wowamana thobwa anali "wapakamwa." Ukapita kukadandaula, ankakuyang'ana ngati mwana wosalakwa n'kufunsa kuti, "Kodi ndanama?"

N'chifukwa chake nkhalamba ikayamba kutsokomola mokayikitsa, nkhuku za pakhomopo zinkayamba ulendo wa kwa a Gerishon. Ifenso tinapereka yathu, sindibisa, ndipo bambo athu anatsogola bwinobwino.

Amene sanapereke kanthu anali a Lameki. Iwowa anakhalitsa ku Halale akugwira ntchito, nabwerera chaka cha njala chija cha 1949 ali ndi chifuwa chosamva mankhwala. Tchimo lawo linali lakalekale: ali anyamata anaona a Gerishon akuterereka n'kugwera mumtsinje wa Lisungwi, jekete ndi zonse, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi. A Gerishon anaumitsa jekete, koma nkhaniyo anaisunga yonyowa.

A Lameki atamwalira, pamanda a Gerishon anakonza kukhosi nati, "Abale, Lameki wafa. Anatchona ku Halale, wabwera kudzafera kuno." Mbiri yonse inathera pomwepo. Sanatchule zofunda zimene malemu ankatumizira mayi awo, sanatchulenso malata a pachalichi amene anathandiza kugula. Ana a malemu anaweramitsa mitu ngati agwidwa akuba. Zinatiwawa tonse, koma tinakhala duu, poti aliyense anali ndi nkhalamba yake kunyumba.

A Laimoni, mng'ono wa malemu, nawonso anali mkulu wa mpingo, koma ofatsa, oyankhula ngati mawu amagula. Anawatsatira a Gerishon panjira yochokera kumanda.

"Achimwene anga mwawaika ngati galu," anatero.

"Kodi ndanama, a Laimoni?"

"Simunaname."

Anasiyana choncho. A Gerishon anaganiza kuti yatha, kuiwala kuti mlandu suwola.

Dzinja la 1956 kunamwalira mayi Yunike, akazi a a Gerishon. Tsono wofedwa sayankhula pamanda, amangokhala pansi n'kumamvera anzake. Lisungwi anali atadzaza, abusa sakanatha kuoloka, ndipo mkulu wina yekhayo amene analipo anali a Laimoni.

Mayi Yunike sanabereke mwana. A Gerishon ankadziwa bwino liwu limene munthu wamangawa angasankhe pamenepo, chifukwa iwo omwe ankaliponya m'nyumba ndiwo zikachepa mchere, ife oyandikana nawo tikumva: chumba. Komabe mkaziyo ankamukonda, mwa chikondi chawo chokhala ndi minga chija, ndipo kuganiza kuti liwu limenelo likamveka pamwamba pa bokosi lake kunawathetsa mphamvu. M'mawa adzukulu akukumba, anapita okha kwa a Laimoni, chipewa chili m'manja.

"A Laimoni, zakale zija n'zakale. Mayi aja sanakulakwireni. Pali liwu limodzi lokha, chonde..."

"Musade nkhawa, akulu," anayankha a Laimoni. "Ndinena zoona zokhazokha, monga munatiphunzitsira."

A Gerishon anabwerako ndi nkhawa yoposa imene anapita nayo.

Kumanda kunadzaza anthu, ena odzalira, ena odzamvera. A Laimoni anaimirira nati, "Abale, mayi athu a Yunike atsogola. Mulungu sanawapatse ana a m'mimba mwawo, koma chaka cha njala ana a mudzi uno anadya m'manja mwawo, a malemu achimwene anga omwe."

A Gerishon anapumira m'mwamba, misozi n'kutsika. Akanadziwa akanadikira.

"Koma chachikulu chimene tiwakumbukire nacho," anapitiriza a Laimoni, "n'kupirira. Mayi awa anali opirira. Kuyambira utsikana wawo mpaka dzulo anakhala nyumba imodzi ndi a Gerishon, kumva mawu awo m'mawa, masana ndi madzulo, koma sitinawaonepo akumanga katundu. Ife timawamva pamaliro pokha. Tiyeni tiimbe."

Palibe anaseka, pamanda saseka. Kungoti anthu ambiri anagwidwa chifuwa nthawi imodzi, ndipo amayi oyambitsa nyimbo anachita kuyamba kawiri.

Pobwerera, a Laimoni anayenda pambali pa wofedwayo, anamugwira mkono pamalo poterera, nafunsa mofatsa, "Kodi ndanama, a Gerishon?"

A Gerishon anacheukira kumanda. Mkazi wawo anali ataikidwa mwaulemu woposa onse amene iwo anaikapo, ndipo ankadziwa amene walipira ulemuwo.

"Simunaname," anatero.

Pamaliro otsatira a Gerishon anadandaula kukhosi, napempha a Laimoni kuti anene mbiri. Kukhosiko sikunachire mpaka tsiku limene nawonso anatisiya.