Pomwe Chikasu Chathera

Anandilanda sukulu. Bwana wa pulazi ina ya fodya kufupi ndi Mvurwi, komwe tinkakhala, anauza abambo kuti mnyamata wamkulu wosagwira ntchito sagona mukomboni mwake. Ndinasiya masamu anga ku mishoni n'kulowa m'shedi yosankhiramo fodya. Inali nthawi ya Chitaganya, panalibe kokadandaula.

Foromani anali a Zuze, a ku Tete. Masamba ochoka m'balani tinkawafewetsa ndi nthunzi, kuwasankha potengera mtundu, n'kuwamanga timitolo tokalowa m'belo. Lamulo la a Zuze linali limodzi: "Tsamba uliyerekeze ndi lomwe wangoika kumene. Akafanana, mulu umodzi."

Ndinalitsata ndendende. Tsiku lina bwana anapisa dzanja m'mulu wanga, napeza pansi achikasu, pamwamba ofiirira.

"A Sukulu awa ndi akhungu," anatero a Zuze. "Mawa asabwere."

Kusabwera kunatanthauza kutuluka mukomboni, ndipo ndinalibe kolowera. Mtima unandipsa. Ku mishoni tinaphunzira kuti choyamba chikafanana ndi chachiwiri, chachiwiri ndi chachitatu, ndiye kuti choyamba ndi chachitatu n'zofanana. Pa manambala n'zoona. Nanga pa zinthu zongofanana m'maso?

Ndinasesa tebulo, n'kuyala masamba mzere wautali, lililonse loderako pang'ono chabe kuposa linzake.

"A Zuze, ili ndi ili?"

"Mulu umodzi."

"Ili ndi lotsatirali?"

"Umodzi. Fulumira, iwe."

Tinayenda choncho mpaka kumapeto, iwo akuvomera ponse. Kenaka ndinatenga loyamba ndi lomaliza n'kuwagundanitsa: lina lachikasu ngati ndimu, lina lofiirira ngati chikopa.

"Nanga awa?"

"Usandiyese mwana."

"Ndiye ndilozereni pomwe chikasu chathera."

Chala chawo chinayenda mzere wonse, kubwerera, osapeza potera. Amayi omanga timitolo anayamba kuseka chamumtima. Bwana nayenso anayesa, analoza pakati, mayi wina n'kuti, "Koma loyandikana nalolo ndi mapasa, bwana." Bwana anabweza dzanja m'thumba.

Ndinati tikhome tsamba limodzi la mtundu uliwonse pathabwa, aliyense aziyerekeza ndi limenelo, osati ndi lomwe wangoika kumene. Palibe anathokoza. Koma madzulo a Zuze anabwera ndi misomali, ndipo m'mawa mwake ndinali pamalo panga.

Mpaka lero munthu akandipatsa lamulo sinditsutsa. Ndimaliyendetsa tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto, mwini wake akuona, kuti lithyokere m'manja mwake.