Mzere Umene Ndinakumba ndi Khasu

Ntchito yanga yoyamba ku Joni anandipezera ndi achimwene Yusufu, munthu wa ku Mangochi amene ankanyamula mabokosi m'sitolo ya nsalu ku Laudium, mumzinda wa Pitoliya. Sitinali pachibale, komatu kunja kuno aliyense wolankhula chakwanu ndi mbale wako. Kunali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ine nditangofika kuchokera ku Ntcheu, ndilibe mapepala, ndikugona pansi m'kachipinda kawo. Tsiku lina anabwera n'kuti, "Achimwene, pasekondale ina apa akufuna munthu wa kapinga. Mawa mulawire, nsapato mubwereke zangazi."

Bwana wanga anali a Ntate Mashilo, woyang'anira mabwalo; Ntate ndiye kuti bambo m'chilankhulo chawo. Ankabwera pa sitima kuchokera ku Mabopane, ndipo makiyi a kanyumba kosungira zipangizo sankachoka m'thumba mwawo. Iwowa ndiwo anandiphunzitsa kutchetcha kapinga ndi makina a petulo, kusuntha mapaipi othirira dzuwa lisanakwere, ndi kulemba mizere. Kulemba mizereko ndiye inali ntchito yeniyeni. Umayeza ndi tepi, kukhoma zikhomo, kukoka chingwe mpaka chithine, kenako n'kuthira laimu wosungunula m'kangolo ka matayala atatu n'kumakankha pang'onopang'ono motsatira chingwecho. Kungoyetsemula, mzere wakhota. A Ntate ankaima kumapeto atatsinzina diso limodzi n'kumati, "Eish, Malawi, ukulemba mzere kapena njoka?" Dzina langa sanavutike nalo. Ndinali Malawi basi.

Koma mwini bwalo weniweni anali Mayi Pillay, mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi. Mayi wamfupi, wa imvi, wezulo ali pakhosi, mawu omveka mpaka kumsewu. Ine poyamba ankandiseketsa. Kwathu mphunzitsi wa masewera amasankha othamanga bwino, enawo n'kukhala pansi pa mtengo kumaombera m'manja. Mayiwa ayi. Wonenepa, wa chifuwa, waulesi, aliyense ankazungulira bwalo, kaya mothamanga kaya moyenda. Tsiku lina ndikusuntha mapaipi anandiuza kuti, "Akatswiri sindiwafuna. Ndikufuna anawa adzakwere masitepe ali ndi zaka makumi asanu popanda kugwira pamtima. Bambo anga matenda a shuga anawadula mwendo ndikuona."

Masiku amenewo phunziro lawoli linali pamavuto. Boma linali litaliphatikiza ndi phunziro lina la m'kalasi, ndipo amene ankawalipira mayiwa anali komiti ya makolo. M'komitimo ambiri ankati ana azikhala pa makompyuta, zothamangathamanga n'zotaya nthawi. Anagwirizana kuti abwere pa tsiku la mipikisano mu Febuluwale adzaone ndi maso awo, kenako agamule ngati phunzirolo lipitirire kapena lithe. Aliyense pasukulupo ankadziwa zimenezi, ngakhale ine wa kapinga.

Chimene Mayi Pillay ankafuna kuwaonetsa anali Lerato, mtsikana wojintcha wa kalasi yachitatu ya sekondale, amene bambo ake anali m'komitimo. Chaka cham'mbuyo mwanayu ankangobwera ndi makalata oti asathamange: lero mutu, mawa m'mimba. Mayiwa sanamukalipire. Ankayenda naye mozungulira bwalo, awiriwiri, ulendo umodzi, kenako iwiri, kenako kathamangidwe kapang'ono. Pofika Febuluwale, Lerato analembetsa yekha mpikisano wa mamita 100.

Tinalemba bwalo masiku atatu. Lachinayi madzulo kunagwa chimvula cha ku Pitoliya chija, cha mabingu ndi matalala. Lachisanu, tsiku la mipikisano, ndinafika m'ma sikisi koloko. Mizere ya m'litali inkaonekabe mwa apo ndi apo, koma mzere womalizira, umene unali chakumunsi kumene madzi amatsikira, unali utafufutikiratu. Zikhomo zokha ndi zimene zinatsala. Laimu ndi kangolo zili m'kanyumba kokiya. A Ntate kulibe, sitima yachedwa.

Ndinadikira mpaka seveni. Ndiyeno nzeru zopusa zinandibwerera. Kusukulu kwathu ku Ntcheu laimu tinkamuonera kuti? Bwalo likafuna mizere, aphunzitsi ankatituma makasu, tinkapala nthaka, mzere n'kuoneka bwinobwino, anthu n'kuthamanga. Kuseri kwa zimbudzi kunali khasu limene ndinkalimira maluwa. Ndinati lero aona kuti mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.

Chimene sindinaganize n'chakuti bwalo la kwathu ndi nthaka youma gwa, khasu limangokanda pamwamba. Kapinga wa kuno ndi wokhuthala ngati bulangete, mizu yolukanalukana. Kuti nthaka ioneke ndinkachita kutema mwamphamvu n'kuzula chigamba chonse, ndipo pansi pake panali pofewa ndi mvula ija. Ndinakoka chingwe pa zikhomo, n'kutema kuchokera uku mpaka uko. Mzere unatuluka wowongoka, wakuda bii, koma kuya kwake chala changa chonse chinkalowa. Ndinauyang'ana n'kudzitama mumtima. Abale inu, ndinadzitama!

Mayi Pillay atafika anali pakalikiliki, mapepala kumanja, ana akuwaitana uku ndi uku. Anasuzumira ali patali, n'kuona mzere wakuda, n'kuyesa kuti ndathira mchenga. Anakweza chala chachikulu n'kufuula, "Mwatipulumutsa!" Ine kumwetulira mpaka m'makutu.

Mipikisano inayamba ndi kulumpha, mbali ina ya bwalo. Mpikisano woyamba wothamanga unali wa atsikana omwe aja a Lerato, chifukwa mayiwa ankafuna akomiti aone asanatope ndi dzuwa. Wezulo inalira. Atsikana asanu ndi mmodzi ananyamuka. Awiri akutsogolo anadutsa mzere uja moudumpha, osadziwa n'komwe. Lerato ankabwera wachinayi, osati womaliza ayi, wachinayi, nkhope ili gwaa, sukulu yonse ikukuwa dzina lake. Bambo ake anaimirira pampando. Phazi lake lakumanja linatera m'ngalande yanga ndendende.

Ndinali pafupi, nditagwira chingwe chotchingira anthu. Phokoso lake ndinalimva, ngati munthu wathyola nzimbe. Kenako kulira. Mayo ine, kulira kumene kuja sindidzakuiwala.

Anamunyamula pa machira kupita naye kuchipatala, akakolo atathyoka pawiri. Mipikisano inathera pomwepo. A Ntate anafika anthu akubalalika, anagwada, n'kulowetsa dzanja m'ngalandemo, n'kundiyang'ana. Bola akanandimenya.

Masana ahedi anatiitanira mu ofesi: Mayi Pillay, a Ntate, ine, ndi bambo a Lerato amene anachokera kuchipatala malaya ali matope. Bambowo anafunsa funso limodzi lokha: "Anakumba dzenje limene lija ndani?"

Ndinadziwa kuti ndikatsegula pakamwa aitana apolisi, ndipo munthu wopanda mapepala ulendo wake ndi umodzi, wobwezedwa kwawo kudzera pa geti ya ku Beitbridge. Ndinayang'ana pansi. Ndikanatha kunena kuti ndine, liwu limodzi lokha, koma ndinangoti chete ngati mbuzi yogulitsidwa.

"Ndinamutuma ndine," anatero Mayi Pillay. "Bwalo ndi langa. Ndinaliona m'mawa, ndinavomereza."

Bodza lenileni. Sananditume, ndipo anadziwa chifukwa chimene ankanamira. Bambo a Lerato anangoti, "Mwana wanga ankakhala bwinobwino osathamanga. Inu ndi amene munamukakamiza." Anatuluka osatseka chitseko.

Komiti inakumana sabata yotsatira. Zoti ana onse anazungulira bwalo chaka chathunthu palibe anazitchula. Phunziro linatha, ndipo Mayi Pillay anauzidwa kuti amalize teremu basi. Tsiku lawo lomaliza ndinawapeza akulongedza zingwe zodumphira ndi mipira m'galimoto. Ndinayamba kupepesa, Chingerezi changa chikuthawa. Anandidula. "Munkafuna kuthandiza, ndikudziwa. Koma mukanabwera kudzandifunsa, tikanangoimika ana awiri ndi chingwe. Basi." Anandigwira paphewa n'kulowa m'galimoto. Sindinawaonenso. Ndinamva kuti anakayamba kulemba mabuku a ndalama m'sitolo ya mchimwene wawo.

Chingwe ndi ana awiri. Safunsa anadya phula, koma ine phula langa anadya ndi ena.

Ndinakhala pasukulupo zaka zina zisanu. Mpira wa anyamata osankhika unkaseweredwabe Loweruka, ndiye kapinga ndinkatchetchabe, mapaipi ndinkasunthabe. Ngalande ija ndinaikwirira ndekha, ndipo pofika Epulo udzu unali utatseka. Koma pakati pa sabata bwalo linkakhala zii. Nthawi imene kale inali ya Mayi Pillay, ana ankakhala m'kalasi kulemba m'makope ubwino wolimbitsa thupi, kenako pa buleki n'kukhala pakhonde ndi matchipisi ndi zakumwa zotsekemera. Ndikamadutsa ndi makina anga ndinkawaona akukula, ena akunenepa, ndipo ndinkadziwa kuti pa zimenezi khasu langa lili ndi gawo.

Lero ndine wamkulu, ndili ndi anthu anga amene ndimawaphunzitsa kusamala mabwalo. Tsiku loyamba ndimawauza zinthu ziwiri. Choyamba, chimene unkachita kwanu usachite pabwalo la eni usanafunse, ngakhale chikuoneka chanzeru chotani. Pamene pamaponda phazi la mwana sipokumba. Chachiwiri, ukalakwa unene wekha msanga, wina asanakusenzere. Choyambacho ndimachinena mokweza. Chachiwiricho ndimachinena ndikuyang'ana kumbali, chifukwa ineyo sindinachichite.

Lerato anabwerera kusukulu patatha miyezi iwiri, akuyenda motsimphina pang'ono. Pabwalo sanapondeponso mpaka anamaliza. Anali mwana waulemu kwambiri. M'mawa uliwonse akandipeza pageti ndikusesa ankaima n'kunena kuti, "Dumela, Ntate Malawi," akumwetulira, osadziwa kanthu. Ndipo ine, zaka ziwiri zathunthu, ndinkangoyankha moniyo.