Mayi Sibongile, Amene Ankayang'ana Mtanda Cham'mbali

"Ine ndidzafa maso ali gaa pankhope ya Ambuye," ankatero alamu anga, mayi Sibongile. "Inu a Timoteyo mudzafa mukuyang'ana botolo."

Anabadwira ku Lobi, kumene ali mwana ankayenda wapansi kupita ku Misa, chisanu chikung'amba zidendene. Anakwatiwa ndi achimwene anga a Rafaelo, ocheka matabwa m'phiri la Dedza. Mtengo wa paini utawagwera achimwene n'kuwapha, mayiwa analera okha ana anayi ndi nyemba za kudimba. Awiri anawaika m'manda. Sindinawamvepo akudandaula, ngakhale ndinkatchera khutu. Loweruka lililonse ankasesa tchalitchi chathu cha kufupi ndi Kasina, kenako n'kugwada, maso pamtanda.

Atakalamba anayamba kupendeka mutu popemphera, nkhope kuloza kubenchi la amuna. Anthu anayamba manong'onong'o. Ine ndinawafunsa poyera: "Alamu, mwapenya ndani kumeneko? Ngati ndi ine, nenani."

"Chokani apa! Ndikakuyang'anani, mutu wanu palibe. Mwina simunakhalepo nawo."

Ndinawaperekeza kuchipatala. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, koma adokotala ndinawamva. Akuti mkati mwa diso, kumbuyo, muli timaselo tolandira kuwala. Toona nkhope, zilembo ndi mitundu tinathithikana pakatikati. Cham'mbali mwachuluka tina, toona kukachita chizirezire ndiponso chinthu chikasuntha, koma nkhope sitizindikira. Mwa alamu, ta pakati tinali titafa. Mankhwala panalibe.

Alamu anandiletsa kuuza anthu, poopa kuti awalanda tsache. Anasesabe mpaka miyendo inakana, akunyozedwa ndi amayi omwe ankapemphera nawo.

Mwezi wa Juni chaka chino chibayo chinawagwira. Bambo mfumu anabwera kudzawadzoza, amayi a mphakati atadzaza nyumba. Monga timachitira ndi aliyense amene akutsirizika, bambo mfumuwo anawaikira mtanda patsogolo penipeni pa maso.

"Amayi, yang'anani Mpulumutsi wanu."

"Ali kuti, Abambo? Palibe kanthu apa."

Nyimbo inaduka. Ndinafuna kufotokoza, koma ine, wa pakamwa posatsekeka chibadwire, ndinasunga chinsinsi chawo. Alamu anatembenuza mutu pang'onopang'ono kuti mtandawo ugwere m'mbali mwa diso, mmene munatsala kuwala.

"Mayo, akana mtanda!" anatero mayi wina kukhomo.

Anapuma komaliza nkhope ili kukhoma.