Mawaya achikasu a m'vaneti

Masiku ano vaneti amayendetsa ndi mwana wanga wamkazi. Amanyamulira tomato kupita kumsika wa ku Kamushanga, kuno ku Kabwe. Maindiketa anali atafooka, masana osaoneka, ndipo apolisi apamsewu anali atamuimitsapo kangapo. Tsiku lina m'mawa anabwera ndi mababu a LED, nawaika pa boneti.

"Atate, awa muwaike lero. Ndatopa kutulutsa mkono pawindo ngati kondakitala."

Ndinamasula getsi lakumbuyo. Mababu atsopanowo anali ndi mapulagi ake apulasitiki. Vaneti ilibe pulagi ngakhale imodzi. Kuti alowe, ndinayenera kudula mawaya akale pamene analumikizidwa. Ndinasiya getsi lili lende, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango.

Mawayawo analumikiza ndi mnzanga wa ku galaja ya mgodi. Iye anali Mbemba, ine wakum'mawa, choncho tinali pachimbuya, chibale cha nthabwala cha mitundu yathu: iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife timawaseka kuti amadya anyani. Kunyozana ndiye unali moni wathu. Akalowa m'mawa ankayamba wanunkhiza chikwama changa.

"Mbuya, mbewa zakuthera kumudzi kuti ubwere kudzagwira sipanala?"

"Iwe wasiya anyani angati m'tchire? Mchira ukuonekera m'thumba."

Ku galajako tinali ndi kachitidwe kathu. Galimoto yatsopano ikafika, tinkadula mapulagi onse akufakitale. Fumbi la mtovu linkalowamo, mvula ikagwa n'kuchita dzimbiri, magetsi n'kumazima m'njira. Tinkapota mawaya, kuwawotcherera, n'kukulunga tepi. Waya tinkatenga wotsala kwa ophulitsa miyala, wonse wachikasu. Pofuna kudziwa wa moto, iye ankamangapo kamfundo. Ankagwira ntchito akuimba nyimbo za kutchalitchi kwathu, mawu akuwapotoza dala kuti ndikwiye.

Kenako mgodi unatsekedwa. Magalimoto anawandandalika pabwalo n'kuwagulitsa, ine ndinatengako vanetiyi. Mnzangayo anati sangakhale m'Kabwe kumayang'ana geti lokhoma. Ndinamunyamula pa vaneti yomweyi, iye, mkazi wake, ana ndi mabedi, mpaka kusiteshoni ya sitima. Potsika anamenya denga la vaneti.

"Usandiphere galimoto ndi manja ako ofukula mbewawo."

Sindinamubwezere.

Anapita kwawo kumpoto, ndipo sindinamvenso za iye. Ena amati anamwalira, ena amati amapha nsomba. Mbuya amayenera kupezeka pamaliro a mnzake, kudzoza anamfedwa ufa ndi kuwaseketsa. Ngati anatsogola, ine ufawo sindinaugwire. Galaja anaigwetsa, njerwa zake zinakamanga nyumba ku Makululu. Chithunzi chake ndilibe. Za manja ake zinatsala ndi mawaya aja basi.

Mwana wanga anandipeza pansi pa mtengo paja.

"Kodi ndagula mababu olakwika?"

"Ayi."

"Nanga bwanji?"

"Ndikupuma."

"Mwakhala mukupuma chitsekereni mgodi, atate."

Anaseka, koma atandiyang'ana kumaso anasiya. Anatola tsamba n'kumaling'amba.

"Ngati zavuta ndipite nayo kwa amakanika a ku Bwacha. Tomato sadikira."

Amenewo akanazula zonse n'kuponya m'ngalande, osayang'ana n'komwe. Ndinadzuka, n'kutenga pulayala.

Tepi inali itauma, inkathetheka ngati khungwa. M'kati mkuwa unali wowala, wopanda dzimbiri. Anapota bwino, munthu uja. Ndinauyang'ana kanthawi, kenako ndinadula. Babu yakale sinkasankha waya, koma ya LED siyaka ukasinthanitsa. Ndinatsata kamfundo kake, wa moto n'kuupatsa mbali yake pa pulagi. Ndinazungulira galimoto yonse chimodzimodzi, kumbuyo ndi kutsogolo. Pakona iliyonse kamfundo kanali pamalo pake. Magetsi anayaka, koma ankaphethira mothamanga ngati akuopa kanthu, mpaka ndinachotsa fulasha yakale, kachipangizo kophethiritsa magetsi, n'kuika ina imene inabwera ndi mababuwo.

Mwana wanga anakweza mabokosi ake n'kunyamuka. Pokhota kumsewu waukulu indiketa inaoneka bwinobwino, dzuwa lili pamutu. Sanatulutse mkono.

Pansi panatsala tizidutswa tachikasu, tina tili ndi tepi yake. Ndikusonkhanitsa zida, pageti panaima mayi wina wotola zitsulo, thumba lili kumsana. Anandilonjera, maso ali pansi pomwepo.

"Bambo, kamkuwa aka mukutaya?"

Ndinayang'ana thumba lakelo. Munali misomali, zitini zophwanyika, chigwinjiri cha njinga.

"Lero ayi, mayi."

"Ndibwere mawa?"

"Mudzadutse. Mukadzandipeza ndasesa, mudzatenga."

Anapita. Ine ndinabwerera pansi pa mtengo, tsache ndinalisiya kukhitchini.